Ahedi akapita ku TDC, makiyi amatsala ndi yani?

Mphepo ya mwezi wa Juni ku Dedza sichita kuodira, imangolowa mpaka m'mafupa. Tsiku lina m'nyengo yotereyi, pasukulu ina ya pulayimale kumene ndinaphunzitsako zaka zingapo, aphunzitsi asanu tinaima pakhonde la ofesi, manja m'matumba, tikuyang'anizana ndi loko. Choko chinali m'kabati, kabatiyo inali mu ofesi, ndipo makiyi onse anali m'thumba mwa ahedi, omwe anali atalawira mbandakucha panjinga kupita ku msonkhano ku TDC, likulu lokumanirapo aphunzitsi a m'zoni yathu. Adepute analipo. Mnzathu wa Sitandade 2 anawafunsa kuti, "Nanga titani, adepute?" Iwo anangotambasula manja n'kuyankha kuti, "Inunso mukudziwa, madamu, ine makiyi sandisiyira." Tinatuma ana kukatolera tizidutswa ta choko pansi pa mabolodi, ndipo pofika 10 koloko makalasi ambiri anali panja kuothera dzuwa.

Ahedi amenewo sanali munthu woipa. Mowa sankamwa, kuntchito sankajomba, ndipo sindinamvepo kuti anadya ngakhale tambala imodzi ya sukulu. Vuto lawo linali lakuti sukulu yonse ankayenda nayo m'thumba. Akakhalapo zonse zinkayenda bwino, akachokapo ngakhale belu linkachita kulira mokayikira.

Masiku ano nkhani ya utsogoleri wabwino ndi kupatsa mphamvu anthu ogwira nawo ntchito ili pakamwa pa aliyense wa zamaphunziro. Imanenedwa m'mawekishopu, imalembedwa pamapepala akuluakulu omata kukhoma, kenako aliyense amasayinira alawansi n'kubwerera kwawo. Koma kuti timvetse chimene mawuwa akutanthauza pasukulu ya kumudzi, ya ku Kasumbu kapena ku Tsangano, tiyenera kufunsa kaye funso limene kawirikawiri limalumphidwa: kodi ahediwo mphamvu zomwe tikuti agawire anzawo, ali nazo zotani?

Tiyambe ndi zomwe alibe. Ahedi salemba ntchito mphunzitsi wa boma, ndipo sangamuchotse. Malipiro sadutsa m'manja mwawo. Kukweza munthu giredi ndi kumulanga pa milandu ikuluikulu ndi nkhani zokafika ku maofesi akuluakulu a boma. Kusamutsa mphunzitsi kumachitikira ku ofesi ya maphunziro ya paboma, kumene ambirife timangoti kwa a DEM ngakhale mayina a maudindo akhala akusinthasintha. Pakati pa ofesi imeneyi ndi ahedi pali a PEA, alangizi oyang'anira sukulu za m'zoni imodzi, omwe malo awo ndi pa TDC. Pamwamba pa ofesi ya paboma pali divishoni, ndipo Dedza ndi Ntcheu zili mu Central West pamodzi ndi Lilongwe ndi Mchinji. Silabasi imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, mayeso a Sitandade 8 ndi a MANEB ku Zomba. Kuwonjezera apo, sukulu zambiri za kuno zili ndi eni ake, omwe ndi mipingo monga Dayosizi ya Dedza ndi masinodi a CCAP, ndipo nawonso amakhala ndi mawu pa zochitika pasukulu zawo. Si zachilendonso kupeza ahedi ali pa giredi yofanana ndi aphunzitsi omwe akuwayang'anira, mwinanso ena mwa iwo anaphunzira nawo limodzi ku koleji.

Ndiye munthuyu mutu wakula, nkhonya zonse zikugwera iye, koma ndodo imene anamupatsa ndi yaifupi. Zotsatira za mayeso zikaipa, a PEA amafunsa iye. Denga likasasuka ndi mphepo, makolo amabwera kwa iye. Mphunzitsi akamabwera ataledzera, chomwe angachite ndi kumulangiza, kumulembera kalata, kenako kutumiza lipoti n'kumadikira.

Zomwe ali nazo ndi zazing'ono pozitchula, koma ndi zimene zimaumba moyo wa tsiku ndi tsiku wa aphunzitsi. Ndi ahedi amene amagawa makalasi chaka chikamayamba. Ndi iwo amakhala ndi mawu aakulu pa yemwe alowe m'nyumba ya aphunzitsi ikapezeka yopanda munthu. Kalata yoitana anthu awiri ku maphunziro ikabwera, mayina amatuluka mu ofesi yawo. Chilolezo chopita ku maliro a apongozi chimachokera kwa iwo. Amadziwa ndalama zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka, amamva nkhani za ku boma ena asanamve, ndipo ali ndi makiyi. Utsogoleri wonse wa pasukulu ya pulayimale umaonekera m'kagwiritsidwe ntchito ka tinthu timeneti, osati m'mawu olembedwa ndi penti pachipupa cha ofesi.

Kuti zifike pamenepa pali mbiri yake. M'nthawi ya Kamuzu sukulu inkayendera mantha otsika kuchokera kumwamba. Ainsipekitala ankafika mosayembekezereka, n'kuyang'ana sikimu, rejista, zikhadabo za ana ndi tayi ya mphunzitsi. Ahedi abwino anali amene ankamvera bwino ndi kumveredwa bwino. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 osaphunzitsidwa ntchito, linawapatsa masabata owerengeka a maphunziro n'kuwatumiza m'makalasi, ndipo ambiri anadzamaliza maphunziro awo pambuyo pake kudzera mu ndondomeko ya MIITEP ali kale pantchito. Sukulu zatsopano zinamera pansi pa mitengo, ndipo iliyonse inafunika ahedi. Anthu ambiri anaupeza uhedi chifukwa chakuti pamalopo iwo okha ndiwo anali ndi satifiketi. Palibe anawaphunzitsa kuyendetsa msonkhano, kusunga mabuku a ndalama kapena kulankhula ndi mphunzitsi wofooka popanda kumunyoza. Anatengera zomwe anaona kwa ahedi awo akale, ndiko kuti kulamula.

M'zaka zomwezo ainsipekitala a pulayimale anasanduka alangizi, ma TDC anamangidwa m'mazoni, ndipo mu 1998 kunabwera lamulo la maboma aang'ono ndi mfundo ya mphamvu ku anthu, zomwe zinaika sukulu za pulayimale m'manja mwa makhonsolo. Mu 2013 lamulo latsopano la maphunziro linalowa m'malo mwa lija la 1962, ndipo mu 2015 unduna unatulutsa miyezo 26 yoyezera sukulu, ina mwa iyo yokhudza utsogoleri ndi kayendetsedwe ka sukulu. Pamapepala, tsono, ahedi anasiya kukhala kapitawo n'kukhala wotsogolera gulu. Koma pepala limasintha tsiku limodzi, chizolowezi chimatenga m'badwo.

Pali kusiyana kumene ndikuona kuti ndiye phata la nkhani yonseyi, ndipo Chichewa chathu chimakunena bwino kuposa chilankhulo cha m'mawekishopu. Pali kutuma, ndipo pali kusiyira. Ukamtuma munthu, miyendo ndi yake koma mutu ndi wako. Akapeza kuti zomwe wamtuma kulibe, amabwerera kudzafunsa. Ukamsiyira, wampatsa ndi mutu womwe: aone yekha, asankhe yekha, ndipo akalakwitsa mukonzera limodzi osamulanda ntchitoyo pamaso pa anthu. Ahedi ambiri amene amadzitama kuti amagawa ntchito, kwenikweni amangotuma. Pakhoma pa ofesi pamakhala tchati chokongola: wa zamasewera uyu, wa zaukhondo uyu, wa mayeso uyu, wa laibulale uyu. Koma wa zamasewerayo sangagule mpira popanda kugwada katatu, ndipo wa mayesoyo amamva tsiku loyamba mayeso pa asembule limodzi ndi ana.

Malo oyamba oonera ngati ahedi amatuma kapena amasiyira ndi msonkhano wogawa makalasi, sabata yotsegulira teremu yoyamba. Amene sanaphunzitsepo sangadziwe kuti tsiku limeneli mitima imagunda bwanji. Sitandade 8 ndi kalasi ya ulemu: ana ndi ochepa chifukwa ambiri anatsalira m'njira, ndi akuluakulu, ndipo akasankhidwa kupita ku sekondale dzina la mphunzitsi limamveka mpaka ku msika. Sitandade 1 ndi nkhani ina. Ana amatha kupitirira 100 m'chipinda chimodzi, ena akulira, ena akufuna kupita kuseri, ena sanadye. Chiwerengero chomwe boma limalakalaka ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma m'makalasi a m'munsi a sukulu zambiri za kumudzi chimenechi chikadali loto. Ndiye chizolowezi chinakhazikika m'malo ambiri chakuti aphunzitsi amphamvu amaunjikidwa kumtunda, awiri kapena atatu pa Sitandade 8, pamene ku Sitandade 1 kumaponyedwa wobwera kumene, wodwaladwala, kapena amene anayankha ahedi mwamwano chaka chatha. Kalasi imene mwana amaphunziriramo kuwerenga n'kusanduka chilango cha mphunzitsi!

Ndondomeko ya boma yolimbikitsa kuwerenga, imene inayamba mu 2016 ndi makalasi oyambirira, inathandiza kuti anthu ayambe kuona kuti maziko ali pansi. Koma mabuku ndi maphunziro a aphunzitsi sizingathetse nkhani ya kagawidwe ka makalasi, chifukwa imeneyo imathera mu ofesi ya ahedi. Ndinaonapo ahedi ena, mayi wachikulire wa ku Ntcheu, akuchita zimene poyamba tinaziona ngati kufooka. Analemba pabolodi chiwerengero cha ana a kalasi iliyonse, pambali pake chiwerengero cha mapiriyodi, n'kukhala pansi. Anati, "Aphunzitsi anzanga, ana ndi awa, ife ndi awa. Tigawane." Panali chete wautali, kenako mkangano wa maola awiri. Potsiriza bambo wina amene anakhala pa Sitandade 8 zaka zambiri anavomera kumatsika m'mawa kukathandiza Chichewa ku Sitandade 2, ndipo mayiwo anadzitengera okha masamu a Sitandade 1. Palibe anatuluka akumwetulira, komanso palibe anakadandaula kuseri kuti amukondera mnzake, poti aliyense anaona ndi maso ake mmene mtolo unalemerera.

Sukulu ya pulayimale ili kale ndi maudindo oti ntchito yotere iziyenderamo. Pali adepute, ndipo pali akulu a zigawo zitatu: chigawo cha ana aang'ono cha Sitandade 1 ndi 2, chapakati cha 3 ndi 4, ndi chapamwamba cha 5 mpaka 8. Mkulu wa chigawo amayenera kuona masikimu ndi mapulani a phunziro a anzake, kulowa m'kalasi kukaonerera, ndi kukambirana nawo zomwe waona. Kumene zimenezi zimachitika moona, mphunzitsi watsopano sasowa pogwira. Kumene ndi mwambo chabe, mkulu wa chigawo amangosayina tsiku Lolemba osawerenga, ndipo aliyense amadziwa kuti siginecha yeniyeni ndi ya ahedi. Zimenezi zimapweteka kwambiri ophunzira uphunzitsi obwera kudzayeserera ntchito kuchokera ku makoleji monga St Joseph's ya ku Bembeke. Mtsikana amafika ndi njira zatsopano zophunzitsira, mwina zoposa za amene akumuyang'anira, ndipo sukulu yanzeru imamupatsa mpata woti aonetse anzake. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Sukulu ina imangomuona ngati wodzapepuza ntchito: amamusiyira kalasi yonse, mwini kalasi n'kupita kukapalira mbatata.

Apa ndiye poyenera kuchenjera, chifukwa mawu akuti kupatsa mphamvu ali ndi mbala zake. Alipo ahedi amene amagawa chilichonse, osati chifukwa chokhulupirira anzawo koma chifukwa iwo ali ndi zochita zina. Lachiwiri ali ku msika, Lachitatu akuti ali ku boma, Lachisanu akuperekeza matumba a kachewere ku msewu wa M1. Adepute ndi amene amasenza sukulu, popanda alawansi, popanda kuthokozedwa, ndipo zinthu zikalakwika ahedi amati, "Ine ndinawasiyira." Kumeneko ndi kutaya, si kusiyira. Wosiyira weniweni amakhala pafupi, amafunsa mmene zikuyendera, ndipo a PEA akabwera ndi ukali amaima kutsogolo n'kunena kuti mlanduwo ndi wake. Aphunzitsi amasiyanitsa mitundu iwiriyi msanga kwambiri, ngakhale sanganene pamsonkhano.

Tsopano ndalama, pamene mitima ya anthu imaonekera poyera. Kwa zaka zopitirira khumi tsopano sukulu za pulayimale za boma zimalandira thandizo lopita ku akaunti ya sukulu, limene aliyense amangoti SIG. Ndalamazi zimayenera kutsata pulani yotukula sukulu imene aphunzitsi, makolo, mafumu ndi ana omwe amakonzera limodzi, ndipo zimagawidwa m'mbali zitatu: kukweza maphunziro enieniwo, kuthandiza kuti ana onse afike ndi kukhalabe pasukulu, ndi kayendetsedwe ka sukulu. Wapampando wa komiti ya sukulu ndi munthu wa m'mudzi, osati ahedi, ndipo ndalama sizituluka ku banki ndi siginecha ya munthu mmodzi. Ndondomekoyi ndi yabwino. Chovuta n'chakuti ndalamazo ndi zochepa poyerekeza ndi mavuto, zimachedwa kufika, ndipo pofika mitengo ya simenti ndi malata imakhala itakwera kale.

Chovuta china ndi chakuti m'komiti anthu salingana mphamvu. Ahedi amadziwa Chingerezi cha m'mafomu, amadziwa njira ya ku banki, amadziwana ndi a ku ofesi. Wapampando mwina analekezera Sitandade 5, msungichuma mwina amasayina movutikira. N'zosavuta kuti msonkhano wokonza pulani ukhale wongowerengera anthu zomwe zalembedwa kale, iwo n'kuwomba m'manja. Ngakhale ahedi atakhala oyera ngati thonje, kuchita zinthu mwa okha kumabala mphekesera, ndipo mphekesera za ndalama kumudzi sizifa. Akagula njinga yamoto ndi ngongole ya ku SACCO, anthu amati ndi SIG. Mankhwala ake ndi otsika mtengo modabwitsa: pepala lomata panja pa ofesi, lolembedwa m'Chichewa, lonena kuti zalowa zakuti, tagula zakuti pamtengo wakuti, zatsala zakuti, ndiponso malisiti oti aliyense wofuna aone. Ahedi amene amachita zimenezi amataya kachinsinsi kamene kamapatsa munthu ulemu wa mantha, koma tsiku loumba njerwa anthu amabwera.

Nkhani ya mawekishopu ndiyo imaphwanya masitafu ambiri kuposa china chilichonse, ngakhale siilembedwa m'malipoti. Malipiro a mphunzitsi wa pulayimale amatha mwezi usanafike pakati, ndiye alawansi ya masiku atatu ku Mponela kapena ku Liwonde si nkhani yamasewera, ndi thumba la feteleza. Kalata ikabwera yofuna mphunzitsi wa Sitandade 1 ku maphunziro a kuwerenga, n'kupita ahedi eni ake kapena mnzawo wapamtima wa Sitandade 7, sukulu imaluza kawiri. Nzeruzo zapita kwa munthu amene sakazigwiritsa ntchito, ndipo mwini kalasi waphunzira kuti kulimbikira kulibe phindu. Masukulu ena anapeza njira yosavuta: kaundula wa amene anapitako, womata mu sitafu, ndi lamulo lakuti wobwera ku maphunziro aphunzitse anzake zomwe wakatenga asanaiwale. Sizithetsa umphawi, koma zimachotsa kaduka kamene kamachititsa anthu awiri ophunzitsa makalasi oyandikana kutha teremu osalankhulana.

Gulu la ahedi silithera pa aphunzitsi. Kunja kwa mpanda, ngati mpandawo ulipo, kuli komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA), gulu la amayi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo. M'maboma athu awiriwa, Dedza ndi Ntcheu, zinthu zimene zimachotsa ana m'kalasi zimadziwika: masiku a msika ku Lizulu, ku Chimbiya ndi ku Tsangano, nyengo yokumba mbatata, maganyu a tsidya la malire ku Mozambique, kuweta ng'ombe, usodzi kumunsi ku nyanja cha ku Mtakataka, chinamwali chikagundana ndi teremu, mimba ndi maukwati a ana. Palibe chimodzi mwa izi chimene ahedi angachithetse ali mu ofesi. Amayi a gulu lija, omwe amasankhidwa m'midzi yozungulira sukulu, ndi amene amadziwa kuti mtsikana wakuti wasiya kubwera chifukwa chiyani, ndipo ndi amene angalowe m'nyumba ya make n'kulankhula zimene mphunzitsi wamwamuna sangazitchule. Mfundo yolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka ilipo kuyambira 1993, koma amene amaisandutsa zenizeni ndi amayi amenewa, pomunyengerera mwanayo, agogo ake oti azisunga khanda, ndi anzake a m'kalasi kuti asamuseke. Amagwira ntchitoyi mongodzipereka. Ahedi amene amawakumbukira pokhapokha kukubwera alendo, kuti adzavine ndi kuphika, asadabwe gululo likazilala.

Chitsanzo chodziwika kwambiri cha utsogoleri wotere kuno kwathu sichinachokere mu ofesi ya maphunziro. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene inagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba zaka zambiri isanaitanidwe kudzalowa ufumu, inatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo kusukulu. Anthu amakonda kusimba za kulimba mtima kwake, ndipo n'zoona. Koma chimene chimandichititsa chidwi ine ndi njira yake. Sinayende yokha khomo ndi khomo. Inamanga mgwirizano ndi mafumu ake aang'ono, inaimitsa paudindo amene ankalekerera maukwatiwo, ndipo inadalira amayi ndi abambo a m'midzi kuti akhale maso ndi makutu ake. Malamulo a dziko anabwera kudzatsimikiza: la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira. Ufumu wa Angoni, kaya kwa Kachindamoto kaya kwa Gomani ku Ntcheu, umadziwa kuyambira kale kuti inkosi imalamula kudzera mwa nduna zake, ndipo mlandu umatha pabwalo anthu atalankhula. M'midzi ina ya Achewa mafumu anafika pogwirizana ndi eni dambwe kuti gule wamkulu, amene kale ankanenedwa kuti amalimbana ndi sukulu, aziperekeza ana ojomba kusukulu m'mawa. Ena amatsutsa njirayi poti imadalira kuopseza ana, ndipo mfundo yawo ndi yomveka, koma ikusonyeza kutalika kwa pamene mfumu ingafike ikaona kuti sukuluyo ndi yakenso.

Tsono ngati kusiyira kuli ndi phindu lotere, n'chifukwa chiyani ahedi ambiri amakakamirabe makiyi? Si onse odzikonda. Choyamba ndi mantha, ndipo ndi mantha okhala ndi maziko. Mabuku akasowa, ofufuza safunsa wa laibulale, amafunsa ahedi. Munthu amene analipitsidwapo katundu wotayidwa ndi wina sachedwa kumangirira makiyi m'chiuno. Chachiwiri, popeza uhedi nthawi zambiri subwera ndi giredi yake, ungathenso kuchoka ndi kalata imodzi. Adepute ochangamuka, okondedwa ndi makolo, amaoneka ngati akukumba pansi pa mpando. Chachitatu ndi chikhalidwe chathu chomwe, chimene chimalemekeza wamkulu mpaka kumunamiza. Pamsonkhano ahedi akafunsa kuti, "Pali wotsutsa?" onse amayang'ana pansi, kutsutsa kwenikweni n'kukachitikira pansi pa mtengo wa mango msonkhano utatha. Mphunzitsi wamkazi wachitsikana, pakati pa abambo a msinkhu wa atate ake, amafunika kulimba mtima kwapadera kuti anene kuti taimutebulo yalakwika. Ahedi ofuna kumva zoona amachita kuzisaka: kufunsa mmodzimmodzi, kuyamba ndi wamng'ono pamsonkhano akuluakulu asanatseke nkhani, ndiponso kusabwezera munthu amene wanena zowawa. Akangobwezera kamodzi, pomuponya ku kalasi yovuta kapena kumumana nyumba, pakamwa pa onse pamatsekeka zaka.

Maphunziro a utsogoleri wa sukulu akhala akuchitika m'zaka zapitazi, a ahedi, adepute ndi a PEA, ndipo ndi ofunika, makamaka pa kasungidwe ka mabuku ndi kaonereredwe ka maphunziro m'kalasi. Chokhacho, amene amabwera ku maphunzirowa amabwerera ku dongosolo lomwe lija limene limayamikira kumvera kuposa kuganiza. Ngati ofesi ya paboma imaitana ahedi ndi uthenga wa pa WhatsApp usiku kuti mawa m'mawa afike ndi mafomu, osasamala kuti anali ndi kalasi, ikuwaphunzitsa kuti wamkulu amatuma basi, ndipo iwonso akachita chimodzimodzi kwa aphunzitsi awo. A PEA amene amangofika kudzawerenga zolakwa amabala ahedi obisa zolakwa. Nthawi ya Covid-19, sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 n'kudzatsegulidwa patapita miyezi yoposa isanu, kusiyana kunaonekera: kumene ahedi anali ndi ubale wamoyo ndi mafumu ndi gulu la amayi, anthu anayenda m'midzi kukatenga ana amene sanabwerere, pamene kwina anangowerenga mipando yopanda anthu n'kutumiza chiwerengero ku boma.

Pasukulu ija ya loko zinthu zinadzasintha, koma osati chifukwa cha wekishopu. Ahedi anadwala n'kugonekedwa m'chipatala masabata atatu, nthawi yolembetsa ana mayeso a Sitandade 8 ili pafupi kutha. Adepute anapita kukawazonda ndi kabasiketi ka nthochi, ndipo pobwera anali ndi makiyi m'manja ndi kapepala ka malangizo odzaza mbali zonse ziwiri. Theka la malangizowo sanawatsate, chifukwa zinthu pansi zinali zitasintha. Anaitana wapampando wa komiti, tinagawana mayina a ana, wina anakwera kabaza kukafika nawo ku zoni, ndipo mafomu anapita pa nthawi yake. Ahedi atachira anayendera kabati, anawerenga mabokosi a choko ndi mapaketi a mapepala kawiri, n'kupeza zonse zilipo kupatula zomwe zinalembedwa m'kaundula kuti zagwira ntchito. Sananene chilichonse pamsonkhano. Loweruka lotsatira anatsikira ku tauni kukadulitsa makiyi ena awiri, a adepute ndi a mkulu wa chigawo cha ana aang'ono. A kabati ya ndalama okha anakhalabe m'thumba mwawo mpaka tsiku limene anapuma pantchito.